NSATSI NDI NSUPA: MBIRI YA MAFUTA ODZOLA PAKATI PA ACHEWA

Inu alendo olemekezeka amene mwasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, kaya mwachokera ku Malawi, ku Mozambique kapena m'midzi ya kuno kwathu, ndikupemphani kuti anamwali akamalowa m'bwalo muyang'anitsitse mapewa ao. Mudzaona kuti ali kunyezimira. Mafuta amene awadzoza lero mwina ngogula m'sitolo, koma mwambo wa kudzoza namwali ngwakale koposa sitolo iriyonse m'dziko muno, ndipo uli ndi mbiri yake imene ana athu ambiri saidziwa.

Ine ndinakulira ku Kapata, m'tauni ya Chipata, pamene dzina la Fort Jameson linali lisanachoke pakamwa pa akuluakulu. Koma tchuthi chiri chonse amai anali kutitumiza kumudzi kwa ambuya, m'dziko la Mfumu Mbang'ombe ku Katete. Zina mwa zimene ndalemba pano ndinaziona kumeneko ndi maso anga, zina ndinafunsa kwa akulu, ndipo zina ndinaziwerenga nditapuma pa ntchito ya boma.

Msatsi ndi mtengo umene munthu wa lero amaupitirira osaupenya. Umamera pa dzala, kuseri kwa khola, pa bwinja ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Lunkhwakwa. Komatu si mlendo muno mu Afirika monga chimanga, fodya ndi chinangwa, zimene zinadza ndi zombo kuchokera ku America. Akatswiri a zomera amanena kuti kwao kwa msatsi ndi kum'mawa kwa Afirika, cha ku Ethiopia. Ku Border Cave, phanga la pa malire a South Africa ndi Eswatini, kunapezeka kamtengo ka zaka pafupifupi 24,000, ndipo amene anakapima analengeza mu 2012 kuti kanali ndi zizindikiro za ululu wa nsatsi. Ku Egypt, mpukutu wa mankhwala wotchedwa Ebers Papyrus, wolembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, umatchula nsatsi pakati pa mankhwala a khungu ndi tsitsi. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri, anasimba kuti Aigupto anali kuyatsira nyale mafuta amenewa ndi kudzola, naonjeza kuti fungo lake silinali lokoma. Pamenepo sananame, ndipo yense amene anagonapo m'nyumba ya ambuya adzamchitira umboni. Ngakhale otembenuza Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, atafika pa chomera chimene chinampatsa Yona mthunzi, anachitcha msatsi.

Kuyenga mafuta a nsatsi inali ntchito ya akazi, ndipo inali kuchitika m'chilimwe, zokolola ziri m'nkhokwe. Ambuya anali kuthyola mitu ya nsatsi isanayambe kuthetheka yokha, naiyanika pa mphasa pakati pa bwalo. Dzuwa likakula makoko aja anali kuphulika, njere nkumalumpha uku ndi uku, ife ana nkumazitola. Atapeta m'lichero, anali kuzikazinga m'phale pa moto wosakalipa, kufikira zitada pang'ono ndi kuyamba kutuluka thukuta. Akatero nazisinja mumtondo wakewake, wosasinjiramo chakudya, kufikira zitasanduka phala lomata. Phala limenelo anali kulithira mumphika wa madzi owira, natakasa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Mafuta anali kuyandama pamwamba, ambuya nkumawayengula ndi chipande chaching'ono, nawathira mu kamphika kena. Potsiriza anali kuwabwezera pa moto kuti madzi otsala aphwe, pakuti mafuta okhala ndi madzi sachedwa kununkha. Lichero lodzala ndi njere silinali kudzaza ngakhale nsupa ziwiri.

Ntchitoyi inali ndi malamulo ake. Mkazi "wotentha" sanali kuloledwa kuyandikira mphika, monganso zinali pofulula mowa ndi poumba mbiya. Amati mafuta akana kutuluka. Lamulo lina, limene ambuya sanali kuseka nalo konse, linali lakuti nsenga zotsala mumphika zikakwiriridwe kutali, kosafika mbuzi, nkhuku kapena mwana wokwawa. Iwo sanadziwe dzina lake la chinthu chimene anali kuchiopa, koma chinthucho anachidziwa bwino. Mu 1888 Hermann Stillmark, wophunzira wa pa Dorpat, anatulutsa m'njere za nsatsi ululu woopsa umene anautcha ricin. Ululuwo susakanikirana ndi mafuta, umatsalira m'nsenga, ndipo moto umauphwanya mphamvu. Ndiye kuti kukazinga ndi kuwiritsa kuja sikunali kungotulutsa mafuta chabe. Ndi ululu womwewo umene anaphera Georgi Markov mu mzinda wa London mu 1978, pombaya nako kanthu kochepa ngati mutu wa singano. Nchifukwa chake mwana akatafuna njere za nsatsi, musadikire kuona chimene chidzachitika; thamangani naye ku chipatala.

Tsono mafutawa anali a ntchito yanji? Tikumbukire kuti makolo athu anali kuvala nyanda ndi zikopa, thupi lambiri liri pa mtetete. Mwezi wa June ndi July kuzizira kunali kung'amba milomo ndi zidendene. Mu August mphepo ndi fumbi zinali kutuwitsa miyendo ya ana ngati agona pa phulusa. Mu October dzuwa linali kumaliza zotsala. Munthu wosadzola anali kuchita ming'alu ndi zikang'a, ndipo mng'alu ndi khomo la chilonda. Chotero posamba ku dambo, atadzikhula ndi mwala, munthu anali kudontheza timadontho tingapo m'chikhatho, napaka thupi likali lonyowa. Ndinazindikira nditakula kuti nzeru yonse inagona pamenepo, pakuti mafuta saonjeza madzi m'khungu koma amatsekera amene alimo kale. Mafuta a nsatsi ngolemera ndi onanda koposa ena, ndipo amakhalitsa pa khungu. Anali kufewetsanso nyanda, mbereko ndi zingwe za chikopa. Podula mphini zokometsera nkhope ndi mimba, anali kupakamo makala osakaniza ndi mafuta omwewa kuti zide ndi kutukumuka bwino. Ngakhale ng'oma zimene mukuzimva lero ziri ndi gawo m'nkhaniyi, chifukwa phula lomata pakati pa chikopa kuti liu litsike, oyimba ena amalikonza ndi nsatsi zosinja.

Kudzola kunalinso chilankhulo. Namwali potuluka m'tsimba anali kumetedwa, kusambitsidwa, kudzozedwa ndi anamkungwi ndi kuvekedwa mikanda, kuti mudzi wonse uone kuti wakula ndi kuti mbumba yake yamsamala. Wofedwa anali kukhala wotuwa, wosadzola, kufikira tsiku la kumeta. Munthu wodutsa pa njira anali kudziwa za m'mudzi mwa kungoona khungu la anthu ake. Mwana wotuwa popanda maliro anali manyazi a amake ndi a ambuyake.

Mafutawa anali kusungidwa mu nsupa, kachikho kakang'ono ka khosi lopapatiza, kotsekedwa ndi chitsononkho kapena kamtengo, kawirikawiri kokometsedwa ndi mikanda. Lero mukatchula nsupa anthu amayang'anana, chifukwa liuli latsala ndi tanthauzo limodzi lokha la ufiti. Nzoona kuti asing'anga anali kusungunulira mankhwala ao m'mafuta a nsatsi nawasunga mu nsupa, ndipo a mtima woipa anali kuchita chimodzimodzi. Koma nsupa zambiri zinali za mafuta odzola basi. M'zaka za 1933 ndi 1934, pamene gulu la mchape lochokera ku Nyasaland linayenda m'midzi ya Northern Rhodesia, likumwetsa anthu mankhwala ndi kuwalamula kutaya nyanga ndi zithumwa, milu ya zinthu inaunjikidwa pa mphambano. Ambuya anali kunena kuti amai ao anataya nsupa yao ya mafuta pa mulu wotero, osati chifukwa inali ndi kanthu, koma poopa kulozedwa chala. M'chaka chomwecho cha 1934 boma la atsamunda linaletsa mwambo uno wa Kulamba, umene unadzauka mu 1984 pansi pa Kalonga Gawa Undi X. Ine ndimaona kuti m'zaka makumi asanu zimenezo tinataya zambiri zazing'onozing'ono zimene palibe anaziwerenga, ndipo nsupa ndi imodzi mwa izo.

Msatsi sunali wokha. Anthu a m'mphepete mwa mitsinje ndi a ku chigwa cha Luangwa anali ndi msikidzi, mtengo wa mthunzi wabwino umene njere zake zakuda ndi zofiira zimatulutsa mafuta oundana ngati phula. Abale athu a ku Mozambique amawatcha mafura, ndipo m'nthawi ya Apwitikizi anali kutumizidwa kunja kukapangira sopo. Panalinso chitowe, nthanga za maungu ndi maso a mpinjipinji. Nsawa, zimene anzathu a ku Malawi amati mtedza, zinafika mochedwa kuchokera ku South America kudzera mwa Apwitikizi, koma zinakonda nthaka yathu kotero kuti mbeu ya Chalimbana inamveketsa chigawo chino kufikira kutsidya kwa nyanja. Pafupifupi theka la njere ya nsawa ndi mafuta. Komabe akazi ambiri anali kuona ngati kuononga kudzola chinthu chotendera ndiwo, ndipo nsatsi, zosadyeka, ndizo zinatsalira khungu.

Chaka cha 1872 chinatibweretsera zinthu ziwiri, ngakhale kuti makolo athu sanamve za chiri chonse pa nthawiyo. Cha m'chaka chimenecho chombo chotchedwa Thomas Mitchell, chochokera ku Brazil, chinakocheza pa Ambriz ku Angola chitanyamula mchenga wokhala ndi matekenya. Tizilomboto tinayenda ndi mapazi a amtengatenga, ndipo pofika m'ma 1890 tinali titafika ku maiko a ku nyanja kuno, tikupundula midzi yathunthu. Anthu anaphunzira kutizula ndi minga ndi kudzoza zala mafuta kuti khungu lisang'ambike. M'chaka chomwecho, ku America, Robert Chesebrough analembetsa mafuta ake ochokera ku miyala ya pansi, otchedwa Vaseline. Boma la Fort Jameson litakhazikitsidwa mu 1899, ndipo amalonda a Chimwenye atayamba kufika cha m'ma 1905, kabotolo kameneka kanapeza njira yake. Amuna obwera ku Walale ndi ku Joni anali kukabweretsa pamodzi ndi bulangete ndi sopo wonunkhira. Kanalibe fungo la utsi, sikanali kufuna mtondo kapena nkhuni, ndipo kanali chizindikiro chakuti pakhomopo pali wa pa ntchito. Pamene ine ndinali pa sukulu, mwana wonunkha nsatsi anali kusekedwa kuti ngwa kumudzi, ndipo ndivomere kuti inenso ndinasekako.

Nkhani ya khate iyenera kulowa pano, chifukwa imaonetsa kuti Azungu naonso anadalirapo mafuta a njere. Chipatala cha Mwami, kufupi ndi Chipata, chinayamba mu 1927 ndipo chinatchuka ndi kusamala akhate. A mishoni ya Dutch analinso ndi mudzi wa akhate ku Nsadzu. M'zaka zimenezo mankhwala odziwika a khate pa dziko lonse anali mafuta a chaulmoogra, ochokera ku njere za mitengo ya ku India ndi Burma. Mtsikana wakuda wa ku America, Alice Ball, ndiye anapeza mu 1915 ku Hawaii njira yowakonzera kuti abayidwe ndi jekeseni, namwalira chaka chotsatira ali ndi zaka 24 zokha. Jekeseniyo inali yowawa kwambiri ndipo ochira anali owerengeka. Mafutawo anasiyidwa pamene mankhwala a dapsone anafika m'ma 1940, ndipo kuyambira mu 1981 khate limachizidwa ndi mankhwala angapo ophatikiza, amene amaperekedwa ulere. Ndikunena izi chifukwa m'banja mwathu munali atsibweni ena amene anaona banga loyezuka pa mkono, losamva kutsina, nalidzoza nsatsi zaka ziwiri. Pamene anapita ku chipatala zala ziwiri zinali zitapindika kale, ndipo sizinaongokenso.

Inenso ndinagwa m'mbuna yomweyo, ngakhale ndinali kalaliki wodziwa kuwerenga. M'zaka za m'ma 1980, mtengo wa kopa utagwa, sopo ndi saladi zinali kusowa m'masitolo, ndipo tinali kulawirira m'bandakucha kukaima pa mzere popanda kudziwa chimene chabwera. Mphere zinabuka m'makomboni ndi m'masukulu ogonera konko. Akazi a ku Kapata amene anali ataiwala mtondo anayambanso kufunsa kwa apongozi ao kayengedwe ka nsatsi, ndipo mafutawo anatithandizadi pa kutuwa ndi ming'alu. Koma mu 1986 mwana wanga wachisamba anatuluka chipere m'mutu. Tinamdzoza nsatsi m'mawa ndi madzulo kwa miyezi itatu. Chiperecho chinanyezimira bwino, nichikula, nichilumphira kwa mng'ono wake kudzera m'chipeso. Namwino wina wachikulire ndiye anandikhazika pansi nandiuza kuti chipere ndi nkhungu yomera pa khungu, kuti cha m'mutu chimalowa m'mizu ya tsitsi kumene chodzola sichifika, ndi kuti chimafuna mapiritsi a griseofulvin kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa. Za mphere anati ndi kachilombo kokumba mphanga m'khungu, kamene kamafa ndi benzyl benzoate kapena mafuta a sulfure, ndipo nyumba yonse iyenera kudzola tsiku limodzi, zovala ndi zofunda nkuchapidwa. Ndinatuluka m'chipindamo mutu uli pansi.

Za mafuta oyeretsa khungu sindifuna kutaya nthawi. A msinkhu wanga akukumbukira nkhope zofiira pa makosi akuda m'zaka za m'ma 1970, ndi mabanga akuda bii amene anatsatira pambuyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, koma timachubu totero, tina tokhala ndi mercury, tikali kupezeka m'misika yathu. Pa zonse zimene ambuya anali kuika mu nsupa, panalibe chimodzi chofuna kusintha mtundu wa munthu.

Mpendadzuwa ndiye mlendo wotsiriza. Kwao nku North America, ndipo boma linalimbikitsa ulimi wake muno m'zaka za m'ma 1970. Mu 1985 Carl Bielenberg anakonza ku Tanzania makina a manja ofinyira njere, ndipo m'ma 1990 bungwe la Africare linafalitsa makina a mtundu umenewo m'midzi ya Zambia pa dzina lakuti Yenga, liu lathu lomwe lija la ambuya. Alimi anali kufuna mafuta ophikira, osadziwa kuti ali kuyenga mafuta amene madokotala adzawayamikira pa khungu. Pa chipatala cha ana mu mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, Dr Gary Darmstadt ndi anzake anayesa kudzoza mafuta a mpendadzuwa makanda obadwa masiku asanakwane. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2005, zinaonetsa kuti matenda olowa m'magazi anachepa ndi 41 pa 100 pakati pa odzozedwawo. Chifukwa chake nchakuti khungu la pamwamba liri ngati khoma la njerwa, ndipo dothi lomangira njerwazo ndi mafuta. Mpendadzuwa uli ndi mtundu wa mafuta, wotchedwa linoleic acid, umene thupi limamangira khomalo. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti makanda otero angathe kudzozedwa mafuta.

Koma ofufuza omwewo anapezanso kuti si mafuta onse ali abwino. Ku Sheffield, mu 2013, kunaoneka kuti mafuta a olive, okwera mtengo aja, amafooketsa khoma la khungu pamene a mpendadzuwa salifooketsa. Kufufuza kwina kwa ku England, kwa mu 2003, kunasonyeza kuti makanda a zidzolo amene anapakidwa zodzola zokhala ndi mafuta a nsawa anali kudzadana ndi nsawa kawirikawiri atakula. Ndipo pa mchombo wa khanda, pa chilonda cha moto chatsopano ndi pa chilonda cha mafinya, mafuta a mtundu uli wonse sayenera kufikapo. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti makolo athu analakwitsa pa za mchombo, pakuti zopakapaka zija zinatengetsa ana ambiri kafumbata, ife nkumati ndi mdulo.

Masiku ano zinthu zatembenuka modabwitsa. Mafuta a malambe, a mfula ndi a msikidzi ali kutumizidwa ku Ulaya m'timabotolo tokongola, ndipo adzukulu anga a ku Lusaka amagula mafuta akuda a nsatsi ochokera ku Jamaica pa mtengo umene sindifuna kuutchula pamaso pa mafumu. Nditawerenga kapangidwe kake ndinaseka ndekha: amakazinga, amasinja, amawiritsa, amayengula. Ndi njira ya ambuya yeniyeni, ndipo anthu a ku Jamaica amanena okha kuti inaoloka nyanja ndi akapolo ochokera kuno ku Afirika. Ena mwa ogulitsa amalonjeza kuti mafutawa amameretsa tsitsi pa dazi, amachotsa zipsera ndi kusungunula zotupa za m'mimba. Ambuya, amene anayenga nsatsi zaka zoposa makumi asanu, sananenepo zotero, ndipo amuna ao anamwalira ndi dazi lao.

Mwezi wathawu ndinazungulira msika wa Kapata kufunafuna mafuta a nsatsi oyenga pamanja. Pa mabenchi a zodzola panali mabotolo a mitundumitundu ochokera ku Tanzania, ku South Africa ndi ku India. A kwathu ndinawapeza kumapeto, kwa amai ena okalamba ogulitsa mizu, chidulo ndi miyala yokhulira mapazi, ali m'timabotolo titatu takale ta mankhwala. Anandiuza kuti amayenga okha, kuti ana ao akazi onse anakana kuphunzira chifukwa cha utsi, ndi kuti ogula ambiri ndi oyimba ng'oma ndi amai a ana ong'ambika mapazi. Nditawafunsa za msikidzi anapukusa mutu, nati anaona amai ao akuyenga kamodzi kokha ali mtsikana, ndipo sakumbukira ngati khungu la njere limachotsedwa asanawiritse kapena pambuyo pake. Funso limenelo si laling'ono, popeza khungu la njere ya msikidzi liri ndi ululu. Ngati pakati pa inu alendo, makamaka a ku Tete, ku Angonia ndi ku chigwa, alipo amai amene akali kuyenga msikidzi ndi manja ao, ndikupempha kuti asanakwere galimoto yobwerera aonane ndi alembi a bungwe lathu, kuti tikhale nao pansi ndi kulemba njira yonse monga momwe amachitira.